Tchizi cha ku Joni, Bowa wa ku Manyamula

Manyamula, 3 Disembala 2023

Alamu anga a Esme,

Landirani moni wochokera kwanu, kumene munandisiya ine mlendo wa ku Dedza ndikusunga mayi anu, achimwene anu ndi mbuzi zanu, inu n'kumakadya za m'firiji ku Joni. Tonse tilipo. A Lyford akunenepa ndi ndiwo zanga osathokoza. Linily wanga wayamba kulankhula Chitumbuka choposa changa ndipo amandikonza pagulu. Nanga inu, mabwana anu akukusungani bwanji?

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati tili m'nthawi ya atsamunda. Mukudziwa kuti netiweki kuno imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo pa chulupo sipasowa munthu wopalira udzu umene palibe. Ukanena pafoni kuti mutu ukuwawa, pofika kunyumba umapeza akufunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Nkhani iyi si ya pachulu. Ndapatsira a Wilfred, aja amanyamula katundu wa ku Joni.

Amama sakuona bwino. Iwo sanena, ndipo wonena afa. Baibulo analeka kuwerenga, akuti osindikiza a masiku ano akuumira inki. Sabata yatha anapereka moni kwa thumba la feteleza limene linaimikidwa pakhonde, n'kudandaula kuti ana amakono sayankha. Zimenezo tinaseka. Izi sindinaseke: mvula yagwa, bowa wamera, ndipo Amama ayambiranso kulawirira okha kutchire, kumalo awo aja amene sauza munthu. Lachitatu a NyaTembo, amene amayala nawo limodzi pamsika, anandikokera pambali n'kundionetsa bowa awiri amene anachotsa mobisa pa mulu wa Amama. Anati uyu si ndelema, bowa wodyedwa uja, uyu akupha. Ine ndinamuyang'ana ndi maso a digiri ya bayoloji, zaka zinayi za ku yunivesite, osaona kusiyana kulikonse. Onse oyera, onse ovala kasiketi pakhosi.

Ndinauza achimwene anu. Anati, "Amama azula bowa zaka makumi anayi, anafa ndani?" Ndinati, "Mukufuna tiyambe kulemba maina?" Anapita kukaona ng'ombe zimene zinali zitaonedwa kale.

Ine ndine mkamwana, sindingaime pamaso pa apongozi n'kunena kuti maso anu atha. Pakadali pano Linily ndikumupatsa mazira, ndanama kuti bowa amamutulutsa ziwengo. Koma mazira akutha, bodza nalonso likutha, ndipo pamsika pali ana a eni.

Inu ndinu mwana wawo. Chitanipo kanthu. Dziwani kuti phukusi lililonse lochokera kwa inu amatsegula okha, amawerenga mapepala ndi zala, kenaka amandikhazika pamphasa kuti ndiwawerengere.

Ndine mlamu wanu wotopa,
Atikonda

*

Randburg, 14 Disembala 2023

Monire mose kukaya! Amama, a Lyford, alamu anga a Atikonda, ndi ka Linily kanga,

Ine ndili makora chomene. Ntchito ikuyenda, mabwana apita kunyanja kukapuma, nyumba yonse ndi yanga ndi galu. Ndamva kuti mvula yayamba bwino, yewo kwa Chiuta. Ndatumiza shuga, nsapato za Linily, ndi chinthu chachikasu chokulungidwa m'pepala lonyezimira. Ndi tchizi. Musaope fungo, ndi mmene chimakhalira.

Kuno ndaphunzira chakudya china chimene mabwana amandiyamikira nacho mpaka alendo kufunsa wophika. Ndi bowa wowotcha ndi tchizi. Ndikamaphika ndimaganiza kuti, bowa wa m'sitolo uyu wopanda fungo akukoma chonchi, nanga ndelema wa Amama angatani? Alamu, mundiyesereko, mundiuze.

Mupeze bowa wa zisoti zakuya ngati kambale. Muchotse miyendo. Zisotizo musatsuke m'madzi, musawiritse, mungopukuta ndi kansalu konyowa. Miyendo ija muduledule, mukazinge ndi anyezi ndi adyo, musakanize ndi nyenyeswa za buledi wouma ndi kamchere. Mbwenu mudzaze m'zisotimo, mupalire tchizi pamwamba, muyale m'poto wopaka majarini. Uvuni mulibe, koma chitani ngati chigumu: makala pang'ono pansi, ambiri pachivindikiro. Tchizi chikasungunuka n'kuyamba kufiira, chapsa.

Koma chinthu chimodzi, Amama: bowa wake afunika kumusankha akadali m'nthaka, wophika aone yekha kukula kwake. Ndiye muwatenge a Atikonda popita kutchire. Ndapota nanu.

Muphike pa 13 Januwale, Linily akamakwanitsa zaka zinayi. Woyamba kulawa akhale mwini tsiku.

Ndine mwana wanu,
Esme

*

Manyamula, 29 Disembala 2023

A Esme,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino. Tilipo.

Ndinakulemberani kuti nyumba ikupsa, inu mwanditumizira malangizo a kapentedwe ka khonde. Ndinawerenga kalata yanu kawiri pamphasa, kachitatu ndekha, ndikuyang'ana kuseri, ndikuiloza kudzuwa ngati ndalama yokayikitsa. Za maso palibe ngakhale liwu limodzi. Adyo alipo, majarini alipo. Kodi madzi a ku Joni amachotsa nzeru, kapena ndi mabwana anu amene anapita nazo kunyanja?

Tsopano mumve za tchizi chanu. A Wilfred anachedwa masiku atatu pachipata cha malire, ndiye chinafika chikutuluka thukuta ngati munthu wothawa mlandu. Ine ndinali kusukulu. Amama anatsegula, ananunkhiza, n'kugamula kuti ndi chambiko chouma cha anthu osadziwa kuumitsa. Mukuwadziwa mayi anu: chilichonse chofuna kuonongeka, kaya mfutso, kaya bowa, kaya ngumbi, mankhwala ake ndi dzuwa. Anadula theka m'mapisi okongola n'kuuza a Lyford kuti ayanike padenga la malata. A Lyford, munthu wa satifiketi ya zaulimi, anakwera makwerero osafunsa funso.

Pobwera ine ndinapeza denga likulira misozi yachikasu, nkhuku zikumenyana m'mphepete mwa nyumba, galu atayang'ana kumwamba ngati wayamba kupemphera. Amama anaima poteropo manja ali m'chiuno, ali ndi chidwi chenicheni. Anandifunsa kuti ndi chinthu chanji chimene dzuwa limachinyowetsa m'malo mochiumitsa. Ndinayamba kufotokoza za mafuta a mumkaka. Anati, "Sindinafunse aphunzitsi, ndafunsa mkamwana." Theka lotsala ndalisunga mumtsuko, pamwamba pa mchenga wonyowa, ndipo ndimaliyendera m'mawa ndi madzulo ngati wodwala.

Za kutchire ndinapempha, ndinagwada bwinobwino. Anandiyankha kuti kutchire kulibe bolodi ndi choko, ndikasochera. Akuti bowa wa tsikulo abweretsa okha, wa zisoti ngati mbale za mgonero, ndipo auza kale theka la mudzi kuti mkamwana wawo aphika za ku Joni. Za ziwengo anaseka. Akuti anamuona Linily akudya bowa kwa anzake osatuluka kanthu.

Mukuona pamene mwandiika? Amama amakhulupirira kuti ukawiritsa bowa n'kutaya madzi oyamba, poizoni amapita ndi madziwo. Ndinafunsa a Providence, anamwino aja ochokera ku Ntcheu. Akuti bowa wakupha weniweni sasamala za kuwira, amapha ali wophikaphika. Ndiye kuwiritsa sikupulumutsa, ndipo inu mukuti tisawiritse n'komwe, tiyambe ndi mwana.

Ndagwirizana ndi a NyaTembo kuti adzandipatse wawo m'mawa wa tsikulo, ndidzasinthe mobisa. Ndakhala wozembetsa bowa m'nyumba mwanga momwe. Makolo anga anagulitsa mbatata kuti ndiphunzire.

Yankhani ngati munthu,
Atikonda

*

Randburg, 8 Januwale 2024

Alamu,

Iyi a Wilfred akupatseni kusukulu, m'manja mwanu, asapite nayo kunyumba. Ndaimba kasanu ndi kawiri, foni yanu ndi ya a Lyford zonse sizikulowa.

MUSAPHIKE. Tchizicho mupatse galu.

Kalata yanu yoyamba ndinaimva, ndinalira nayo. Koma munanena nokha kuti mumawerengera Amama, ndiye mumafuna ndilembe chiyani? Kuti Amama ndinu akhungu, moni kwa onse? Amama sauzidwa, amapemphedwa. Ndinaganiza kuti akamva kuti chakudya cha ku Joni sichingatheke popanda tchire lawo, kunyada kuwagwira, akutengani. Mukanakhala maso awo popanda wina kutchula za maso. Nzeru yanga inathera pamenepo.

Zoti osawiritsa ndinangokopera m'buku la madamu. Bowa wa kuno amamera m'nyumba, pa mashelefu, alibe m'bale wakupha. Sindinaganize. Ndipo zoti ayambe Linily ndinalemba mwa chikondi chabe, Chiuta wane. Mwati musintha bowa. Alamu, Amama simungawabere pa lichero, ine ndinayesapo ndili mwana.

Nenani kuti tchizi chaola. Nenani kuti makoswe adya. Nenani kuti ine ndine chitsiru, n'zoona. Mundiyankhe msanga, chakudya sichikulowa.

Esme

*

Manyamula, 18 Januwale 2024

Alamu anga okondedwa, chitsiru chathu cha ku Joni,

Moni. Yambani mwadya, tonse tili moyo, ngakhale galu.

Kalata yanu yachangu yafika dzulo, patatha masiku anayi chichitikire phwando. A Wilfred akuti tayala linaphulika ku Tete. Mafoni sanali kulowa chifukwa mphezi inagunda nsanja ya netiweki chaka chisanathe, ndipo pa chulu paja anthu aleka kupalira. Ndakhumudwa kwambiri powerenga. Masiku anayi onsewa ndimayenda ndikuuza mtima wanga kuti Esme ndi katswiri, anawerengera zonse. Kani munangokopera m'buku la madamu!

Mvetserani mmene zinayendera.

M'mawa a NyaTembo anandipatsa bowa wawo, ndinamubisa m'ndowa kuchipinda. A Lyford anaboola chitini ndi msomali kuti chikhale chopalira tchizi, ndipo mpaka lero akufotokozera anthu za luso limeneli. Cha m'ma teni Amama anatulukira ndi lichero lodzaza, ndelema woyera ngati mazira a tsekwe. Ndinatambasula manja kuti ndilandire. Munanena zoona, Amama sungawabere pa lichero. Anakhala pamphasa pafupi ndi mbaula, lichero pamiyendo, n'kuyamba kundipatsira mmodzimmodzi. Ndinati mukapume m'nyumba, Amama. Anati sanatope. Ndinati mbuzi zalowa m'munda. Anati mbuzi zili ndi mwini. Amafuna aone ndi maso awo mmene za ku Joni zimaphikidwira, ndipo ndikhulupirireni, sindinaonepo munthu wachidwi chotere ngakhale m'kalasi mwanga. Adyo ananunkhiza. Nyenyeswa za buledi analawa. Anafunsa chifukwa chake tikudula miyendo n'kuibwezeranso m'mutu, ngati bowa analakwitsa pomera.

Kenaka anati, "Madzi awira?"

Ndinati, "Madzi palibe, Amama."

"Nanga muwiritsa ndi chiyani?"

Apa mpamene ndinaona kuti kusintha kwalephereka, ndipo ndatsala ndi kalata yanu yokha. Ndinaitulutsa. Tsiku limene inafika, maulendo onse awiri ndinaiwerenga mothamanga iwo ali kalikiliki ndi nsapato za Linily, koma ulendo uno ndinawerenga ngati wolengeza za maliro. Musatsuke. Musawiritse. Woyamba kulawa akhale mwini tsiku.

"Werenganinso."

Ndinawerenganso.

Ine ndinayamba kudzaza zisoti, ndikupalira tchizi pamwamba. Poto ndinamuika m'mphepete mwa mbaula, pafupi ndi phazi langa. Ndinali nditatsimikiza kuti akapsa ndimugwetsa m'dothi, anditche mkamwana wa manja a nsomba moyo wanga wonse. Ndinavindikira, ndinathira makala pamwamba. Amama anatenga bowa wotsala palichero, kumupapasa ndi chala chachikulu, kumununkhiza, kumuika pafupi ndi diso, kumutalikitsa, kumubwezanso. Azimayi atatu amene anabwera kudzaona za ku Joni analeka kucheza.

Fungo linayamba kutuluka. Alamu, ndikuvomereza, fungo limenelo likhoza kubweza mwamuna wothawa banja. Linily anabwera ndi kambale kake ka pulasitiki, nsapato zanu kuphazi, n'kuima pamaso pa agogo ake. Anati, "Agogo, ine ndine woyamba."

Ndinasendeza phazi.

"Lekani," anatero Amama.

Anadzuka, anakulunga manja m'chitenje, ananyamula poto ndi makala ake omwe, ulendo wa kuchimbudzi. Tinamva chivindikiro chikugwa. Linily anayamba kulira. Atabwerera anakhala pansi n'kulankhula, osati kwa ine, osati kwa azimayi aja, koma kwa mbaula. Anati, "Atatu mwa amene aja ndinawazula kusanayere bwino."

A Lyford anatsegula pakamwa. Ndinawaponda ndi phazi lomwe lija, linali lokonzeka kale.

Ndiye Amama anati, "Mkamwana, katengeni wa NyaTembo amene mwabisa m'ndowa. Mphuno zanga zikadali zanga."

Tchizi ndinali nditasungako kachidutswa ngati bokosi la machesi. Tinaphika zisoti zisanu ndi chimodzi. Mukufuna kudziwa mmene ndelema amakhalira akawotchedwa, ndiye lembani m'buku la madamulo: amatulutsa madzi oterera ambiri, moti afunika kumukazinga kaye, ndipo kupukuta ndi kansalu n'kwa anthu amene bowa wawo sanaonepo mchenga. Tinkatafuna ngati tikupera galasi. Koma pakati pake, pamene tchizi chakumana ndi adyo, ndinatseka maso. Linily ananyambita tchizi n'kupatsa galu bowa. A Lyford anafunsa ngati pali ndiwo zina. Amama anadya chimodzi pang'onopang'ono, n'kunena kuti chambiko chapserera koma maganizo ake si oipa.

Lolemba pamsika sanapite. Kutchirenso sanapite. Akungokhala pakhonde, ndipo sindikudziwa ngati ndapambana kapena ndathyola chinthu chimene sindingachimange. Sanandilankhule kupatula moni. Tumizani nzeru, koma ulendo uno zanu.

Ndine,
Atikonda

*

Manyamula, 4 Febuluwale 2024

Esme mwana wane,

Monire. Ndine nyoko. Akulemba ndi mkamwana, ine ndikunena m'Chitumbuka, iye akutembenuza, ndiye ukapeza mawu onyada udziwe kuti si anga.

(Onse ndi awo. Ine ndangochotsako awiri otukwana a NyaTembo.)

Ndili makora. Chimanga chamasula. Shuga watha.

Chinthu chako chachikasu chija ndachiganizira. Pamoto chimachita bwino, padenga ayi. Ukadzatumizanso utumize cholimba, ndipo Wilfred umuuze kuti asagone m'njira. Ndikufuna ndiyese ndi utale, chifukwa utale ali ndi mnofu, satulutsa madzi ngati ndelema. Mkamwana akuti n'zotheka. Akuti tiyesenso ndi nsinjiro pang'ono m'kati. Za ku Joni zikusowa nsinjiro, n'chifukwa chake anthu ake ndi okwiyakwiya.

Ndinakhala pakhonde masabata awiri. Mvula imagwa usiku, m'mawa ndimamva fungo la nthaka, ndikudziwa kuti kwanga kwamera ndipo kukuolera pansi. Lachisanu ndinamuuza uyu kuti avale nsapato za mphira, asiye magalasi a ulemu. Tapita kawiri. Amayenda ngati ng'ombe yomangidwa, amaponda pamene sapondapo, amafunsa mafunso ngati wapolisi. Chifukwa chiyani pansi pa mtengo uwu osati uwo. Chifukwa chiyani mumakumba mpaka kutsinde. Koma maso ali nawo. Ine ndimagwira ndi kununkhiza, iye amandiuza mtundu wa pamwamba pa chisoti, ngati pali kubiriwira, ngati m'mphepete muli mizere. Tikasiyana maganizo, bowayo timamusiya pomwepo. Dzulo tasiya asanu ndi awiri. Mtima unandipweteka, koma tasiya.

Anandiuzanso zimene ananena namwino, kuti wakupha saopa madzi owira. Ndinaganiza za anthu onse amene agula kwa ine chaka chatha ndi chino. Chiuta anandibisa, ine ndimayesa ndi mphika.

Usafunse kuti malowo ali kuti. Ine anandionetsa ndi apongozi anga, osati amama anga. Iwe udzakwatiwa kwina, ukapita nawo kwa eni ake.

(Pepani alamu. Ndikanakuuzani, koma ndalumbira, ndiponso ndikusangalala kwambiri.)

Lachiwiri likubwerali Lyford atitengera ku chipatala ku Embangweni. Iye akuuza anthu kuti tikukaona wodwala. Uyunso amandiuza kuti tingopita kukayezetsa magazi, ngati ndine mwana woopa jakisoni. Nonse mwakhala mukuzungulira nyumba miyezi iwiri, wina ndi mazira, wina ndi ndowa, wina ndi tchizi, kufunafuna khomo. Lemba apa, mkamwana, zilembo zazikulu, kuti naye aone.

MASO ANGA ACHITA CHIFUNGA. SINDIKUONA.

Ndanena ndekha. Tsopano werenga ndimve.

Ndine nyoko,
NyaShaba

Alamu, ndawawerengera. Pa mzere umenewo anandiimitsa, anati ndibwereze. Ndinabwereza, n'kufunsa ngati ndifufute. Anati ndipinde pepala, a Wilfred anyamuka masana.

Atikonda